Mtchona ndi Chitseko cha Magalasi

Padangokhala!

Tilitonse!

Padali munthu wina wa ku Senga Bay, m'boma la Salima, amene adapita ku Johannesburg ndevu zikungomera kumene, n'kukabwerako imvi zili mbuu. Chifukwa cha kukhalitsa kwake kumeneko, anthu a pamudzi adazolowera kumutcha Mtchona, mpaka dzina lake lenileni lidaiwalika. Sadali munthu woipa ayi. Mwezi ukatha ankatumiza ndalama kwa mkazi wake, ndipo pokhala mwini mbumba sankaiwala ana a mlongo wake. Mmodzi mwa anawo, mtsikana wa manja aluso, adamulipirira sukulu ya ntchito zamanja ku Lilongwe mpaka adamaliza. Mtsikanayo adalembedwa ntchito pamalo ena opangira mawindo ndi zitseko za aluminiyamu, ndipo poti levulo sinkachoka m'chikwama mwake, anzake ankamutcha Nalevulo.

Ku Johannesburg Mtchona ankagwira ntchito panyumba ina ya ku Sandton. Ankatchetcha kapinga, kusesa pabwalo ndi kutsuka mawindo. Pa zinthu zonse za m'nyumbamo, chimene chidamudya mtima chidali chitseko cha kukhonde. Chidali cha magalasi okhaokha m'mafelemu a aluminiyamu, zigawo zake zolumikizana ndi mahinjesi, zoyenda pa kanjanji. Munthu ankangokankha ndi chala chimodzi, zigawo zija n'kupindana china pa chinzake mpaka kukaunjikana kumbali, khoma lonse n'kutseguka, pabalaza ndi pabwalo n'kukhala malo amodzi. Akamapukuta magalasiwo, Mtchona ankalankhula chamumtima kuti, "Tsiku lina chitseko chotere chidzayang'ana nyanja ya kwathu."

Mphamvu zitayamba kuchepa, adamanga katundu wake, nakwera basi yodzera ku Beitbridge ndi ku Tete, nafika kwawo. Nyumba imene ankaitumizira ndalama adaipeza itatha: ya njerwa zootcha, yofolera ndi malata, khonde lake loyang'ana kum'mawa kumene dzuwa limatulukira pamadzi. Koma pakhoma la kukhondeko amisiri adaikapo khomo wamba ndi windo pambali pake, pakati pawo pali chipilala cha njerwa. Mtchona atangoona adapukusa mutu. M'mawa mwake adaitana anyamata, nawauza kuti azule windo, agumule khoma la pansi pake, agwetsenso chipilala. Pofika madzulo padali mpata waukulu wa mamita 3.6, nyanja yonse ikuoneka uli pabalaza.

Chimene chinkamufulumiza chidali chinkhoswe cha mwana wake wamkazi, chimene chidatsala ndi masabata atatu. Ankafuna kuti akuchimuna akadzafika adzaone ndi maso awo kuti kutchona kwake sikudali kwachabe.

Mkazi wake adati, "Bambo, tili ndi mmisiri m'banja momwe muno. Itanani mwana wa alamu anga uja adzaone."

Nalevulo adafika Loweruka. Adagwada, napereka moni kwa atsibweni ake, nadya nsima ya usipa, kenaka adatsegula chikwama. Adatulutsa tepi, levulo, chingwe cha pulamu ndi paipi yaitali yoonekera m'kati. Akuyeza ankang'ung'udza kanyimbo kake ka pantchito:

Yeza kumwamba, yeza pakati, yezanso pansi,
Khoma silinama, lonama ndi diso,
Pa miyeso itatu tenga waung'ono.

Adayeza m'lifupi katatu, msinkhu katatu, kenaka mopingasa kuchoka pangodya kukafika pangodya. Adathira madzi m'paipi muja, napatsa mwana wina nsonga imodzi kuti agwire kumbali ina ya mpatawo, iye atagwira inayo, nalemba ndi pensulo pamene madzi adaima. Pomaliza adakwera pampando, nagogoda pulasitala wa pamwamba ndi chigwiriro cha hamala, namvetsera. Atatsika nkhope yake idali itasintha.

"Atsibweni, ndilankhule?"

"Lankhula mwanangu, ndakuitanira zomwezo."

"Mpatawu kumwamba ndi mamilimita 3,620, pansi ndi 3,590. Pansi pomwepa mbali ya kumanzere ndi yotsika ndi mamilimita 25. Zimenezo n'zokonzeka. Chondiopsa chili pamwambapa. Pali malintala awiri, ina idali ya khomo, ina ya windo, ndipo mitu yake inkatsamira pa chipilala chimene mwagwetsacho. Lero yatsamira pa chiyani? Ikungogwiridwa ndi njerwa zochepa ndi pulasitala. Sigwa lero, koma iyamba kutsika pang'onopang'ono."

"Nanga chitseko cha aluminiyamu chili ndi kulemera kwanji? Ine ndinkachikankha ndi chala chimodzi."

"Aluminiyamu ngwopepukadi, atsibweni. Kulemera kwake ndi limodzi mwa magawo atatu a chitsulo wamba, sachita dzimbiri lofiira lija, ndipo chiswe sichimudya. Cholemera ndi galasi. Galasi lochindikala mamilimita 6 limalemera makilogalamu 15 pa sikweya mita imodzi. Magalasi a pampata uwu okha afika pafupifupi makilogalamu 90, ndipo mukaphatikiza mafelemu mwapitirira matumba awiri a simenti. Chinkamveka chopepuka ku Sandton chifukwa amene adamanga nyumbayo adayamba akonza posenzera katunduyo."

Mtchona adangoti duu. Nalevulo adapitiriza, akuwerenga ndi zala.

"Zitseko zimenezi zilipo za mitundu iwiri. Zina zimalendewera, timawilo take tili kumwamba, ndipo kulemera konse kumapita ku lintala. Zina timawilo take tili pansi, kulemera kumapita pa konkire ya pachiundo. Panyumba ino ndikadasankha cha timawilo ta pansi, ngakhale chimafuna kusesa mchenga m'njanji kawirikawiri. Komabe lintala iyenera kukhala imodzi, yolimba, yotsamira bwino mbali zonse ziwiri, chifukwa ikatsika pang'ono pokha imapanikiza felemu. Kukula kwake ndi zitsulo zake atiwerengere ndi injiniya, ine pamenepo sindingadzitame. Zigawo zikhale zinayi, zitatu zopindana, chimodzi chotseguka pachokha kuti muzidzera tsiku ndi tsiku. Zizitsegukira kunja kuti zisadye malo pabalaza. Chiundo chikhale chokwera pang'ono chifukwa mvula ya kunyanja imabwera chopingasa. Galasi lisakhale la pawindo. Tigule lolimbitsidwa ndi moto, limene likasweka limayoyoka n'kukhala timiyala, kapena la mapepala awiri omatidwa ndi pulasitiki pakati, limene likasweka limakhala pomwepo. Lolimbitsidwa ndi motolo sadulanso likapangidwa, ndiye muyeso womaliza tidzatenga khoma litakonzedwa."

"Zonsezo masiku angati?"

"Konkire imafuna masiku 28 kuti ikhwime. Kuphatikiza zina zonse, miyezi iwiri."

Mtchona adadzuka pampando. "Miyezi iwiri! Chinkhoswe cha msuweni wako chili pakhomo, iwe ukundiwerengera masiku a konkire? Ndidakulipirira sukulu kuti uzidzandiphunzitsa m'nyumba mwanga? Chitseko chimenechi ine ndachigwira ndi manja anga iwe usanabadwe."

"Pepani atsibweni ngati ndalakwa kalankhulidwe. Pa chinkhoswe titha kutchingapo ndi nsalu zokongola, alendo adzakondwa ndi mphepo ya kunyanja. Koma kuika chitseko pamene pali chonchi, manja anga akana."

Asanakwere minibasi, Nalevulo adapempha anyamata kuti adule mitengo iwiri ya bulugamu, nachirikiza malintala aja pakati. Adatsanzika mwaulemu, koma atsibweni ake sadamuyankhe.

Mbiri ya mpata wa kwa Mtchona idamveka mpaka pamsika. Patapita masiku awiri padafika mwamuna wina wovala bwino, magalasi akuda ali pamphumi, mafoni awiri m'manja. Ameneyu anthu ankamutcha Zitheka, chifukwa pakamwa pake sipankatuluka mawu ena.

"Bwana, ndamva kuti mwabwera ndi nzeru za kunja. Nyumba ngati iyi m'dera lonse lino mulibe."

"Ndikufuna chitseko chopindana, cha zigawo zinayi, chisanafike chinkhoswe."

"Zitheka, bwana."

"Akuti lintala ndi yofooka."

"Adanena ndani? Ana a sukuluwa amaopa ndi mthunzi womwe. Zitheka."

"Nanga mtengo?"

Zitheka adatchula theka la ndalama zimene Nalevulo adawerengera, ndipo mtima wa Mtchona udakhala pansi. Munthu uja adatambasula tepi kamodzi kokha, kumwamba, nalemba 3,620 pachikhatho, nalandira ndalama zoyambira, napita.

Adabwerera patatha masiku asanu ndi limodzi, chitseko chili pa lole. Mafelemu ake adali opyapyala, opangira mawindo. Magalasi adali wamba, a mamilimita 4. Poyamba adakankha mitengo ya bulugamu ija ndi phazi, nati ikuwononga maonekedwe. Felemu itakana kulowa pansi, pamene mpata udali wopapatiza, adasema khoma ndi tchizulo naikhomera mokakamiza, osasiya mpata ngakhale wolowa chikhadabo. Njanji ya timawilo adaipachika ku malintala awiri aja ndi masikuluwu achitsulo wamba. Kumanzere kumene pansi padali potsika adaunjikako simenti wamadzi mpaka adakwirira timabowo ta pachiundo. Magalasi adangowalowetsa m'mafelemu n'kutsekera malabala. Dzuwa lisanalowe adapukuta zonse ndi nsanza, nakankha, chitseko n'kuyenda myaa.

Tsiku la chinkhoswe kudali chimwemwe. Akuchimuna atakhala pabalaza, Mtchona adaimirira, nakankha ndi chala chimodzi. Khoma lidatseguka, nyanja n'kuonekera, amayi n'kuyamba nthungululu. Nalevulo adalipo, akuthandiza kuphika kuseri. Atapeza mpata adayang'ana pamwamba pa chitseko, nayang'ana pansi, kenaka adanong'oneza mkazi wa atsibweni ake kuti, "Amayi, ana asamasewere pafupi ndi magalasiwa. Chonde." Mtchona adamuona akunong'ona, nati pamaso pa anthu, "Uja ankati miyezi iwiri. Onani, masiku asanu ndi limodzi!" Anthu adaseka. Nalevulo adaweramitsa mutu nabwerera kumoto.

Mwezi wa Okutobala udafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Apa ndi pamene chitseko chidayamba khalidwe lachilendo. M'bandakucha chinkatseguka bwinobwino. Dzuwa likangokwera n'kuwomba pakhonde, chinkauma gwa, osasuntha ngakhale amuna awiri akoke. Usiku chinkamasukanso chokha, nthawi zina n'kumveka kulira kuti the! the! popanda wochigwira. Mtchona adaimbira Zitheka. Tsiku loyamba adayankha kuti, "Zitheka bwana, ndibwera mawa." Mawalo silidafike, ndipo pasanathe sabata mafoni onse awiri adaleka kupezeka.

Pamudzi sipasowa omasulira. Wina adabwera madzulo nakhala pakhonde, nati motsitsa mawu, "Achimwene, chitseko chokana masana n'kumavomera usiku mudachionapo kuti? Mwana uja adachoka pano atakwiya. Ndipo mayi wake, mlongo wanu yemweyo, mukuganiza kuti nyumba iyi imamukondweretsa?" Mawuwo adagwera panthaka yofewa, chifukwa kukhulupirira kuti walodzedwa kudali kopepuka kwa Mtchona kuposa kuvomera kuti mwana adanena zoona. Adaleka kupereka moni kwa mlongo wake. Mayiyo atatumiza dengu la ufa, lidabwezedwa osatsitsidwa pamutu. Atabwera yekha kudzafunsa chimene adalakwa, adauzidwa kuti aimire kunja kwa mpanda. Adabwerera akulira, anthu akuona.

Mvula itayamba mu Disembala, mavuto adawonjezeka. Madzi otsetsereka pamagalasi ankadzaza m'njanji, ndipo posowa potulukira ankasefukira m'nyumba. Mphasa zidaola, miyendo ya mipando idafufuma. Pamitu ya masikuluwu padatuluka mizere yofiira. Pamwamba pa chitseko, pakatikati penipeni, padaoneka mng'alu wokwera mpaka kudenga. Zigawo zidayamba kugwa mphuno n'kumakhukhuza pansi.

M'mawa wina wa mu Januwale, mvula itagwa usiku wonse, Mtchona adadzuka n'kuponda m'madzi pabalaza. Mdzukulu wake wamng'ono ankakwawa chapafupi, ndipo agogo ake aakazi adamunyamula kupita naye kukhitchini. Mtchona adafuna kutsegula kuti akokolole madziwo. Adakoka, chitseko chidakana. Adakankha, chidakana. Mkwiyo utamukwera adabwerera m'mbuyo nachigunda ndi phewa. Kawilo kadatumpha m'njanji, felemu idapotoka, galasi n'kuti phwaa! Zisonga zazitali zakuthwa zidagwera pamalo pomwe mwana ankakwawa, ndipo chimodzi chidamng'amba Mtchona mkono kuyambira pachigongono mpaka pafupi ndi dzanja.

Adathamangira naye kuchipatala cha boma ku Salima, kumene adamusoka namugoneka. Mkazi wake sakadatha kusiya mwana ndi nyumba yopanda chitseko. M'mawa mwake Mtchona atatsegula maso adaona munthu atakhala pansi pambali pa bedi, atafukata kapu ya phala. Adali mlongo wake. Adagona pakhonde la chipatala usiku wonse, pamodzi ndi ena odikirira odwala.

"Achimwene," adatero mayiyo, "ufiti wanga ndi phala ili. Dzukani mumwe lisanazizire."

Mtchona adalephera kuyankha. Adamwa phalalo misozi ikugwera m'kapu.

Atatuluka m'chipatala sadadikire kuti bala lipole. Adagwira tambala, napita kwa mlongo wake pamodzi ndi akuluakulu awiri a pamudzi, nakhala pansi, napepesa pamaso pa anthu monga momwe adamunyozera pamaso pa anthu. Kenaka adati, "Achemwali, ndiitanireni mwana uja. Ine pakamwa pandilemera."

Nalevulo adabwera Loweruka lotsatira, ndipo za pa chinkhoswe sadazitchule. Choyamba adabwezera mitengo yochirikiza, kenaka adati, "Atsibweni, bwerani ndikuonetseni amene adalodza chitseko chanu. Alipo anayi, ndipo onse ali pompano."

Adaloza pamene felemu idadya khoma. "Woyamba ndi dzuwa. Aluminiyamu akatentha amafutukuka, pafupifupi kawiri kuposa chitsulo wamba. Felemu ya mamita 3.6 ikatentha ndi madigiri 30 kuposa mmene idalili m'mawa, imatalika ndi mamilimita awiri ndi theka. N'zochepa, koma ngati mmisiri sadasiye mpata, zilowera kuti? Felemu imapindika n'kufinya zigawo. Usiku ikazizira imabwerera, ndipo kulira mudamva kuja kudali kubwerera kwakeko."

Adaloza mng'alu. "Wachiwiri ndi lintala. Idatsika, n'kutsika nayo njanji." Adagwada, natokosa simenti ndi msomali mpaka kabowo kadaonekera. "Wachitatu ndi uyu. Timabowoti ndi totulutsira madzi a m'njanji, ndipo adatitseka. Onaninso mawanga oyerawa: simenti wosauma amadya aluminiyamu." Pomaliza adazula sikuluwu imodzi, ili yofiira ndi dzimbiri. "Wachinayi ndi uyu, pamodzi ndi magalasi amene adangoikidwa osachirikizidwa. Mayi anga pamenepa palibe."

Mtchona adagwira pakamwa. "Mwanangu, nzeru zimenezi ndidazilipirira ndekha, n'kuzikananso ndekha. Chita monga udanenera. Masiku ake ndiwerenga ndine."

Pa chitseko chakale padalibe chopulumutsa. Kuti ndalama zikwane, Mtchona adagulitsa njinga yamoto imene adagula kuti mwana wake wamwamuna aziyendetsa kabaza. Nalevulo adabwera ndi injiniya amene adawerengera kukula kwa lintala ndi zitsulo zake. Amisiri adachirikiza denga, nachotsa malintala awiri aja, naumba imodzi yotsamira bwino pakhoma uku ndi uku. Mtchona yemwe ndi dzanja lake labwino ankaithirira madzi m'mawa ndi madzulo kuti isaume mofulumira, ndipo tsiku lililonse ankalemba kamzere pakhoma ndi khala. Anzake akamufunsa kuti, "Kodi chitseko chija chidzabwera liti?" ankayankha kuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Timizere titakwana 28 amisiri adachotsa matabwa oumbira lintala. Adawongola makoma a m'mbali ndi pulamu, naumba chiundo chosalala, madzi a m'paipi akuima pofanana mbali zonse, ndipo khonde adalipendeketsa pang'ono kuti madzi azithawira kubwalo. Pulasitala atauma, Nalevulo adatulutsanso tepi, kanyimbo kaja kali pakamwa, ndipo ulendo uno ana a pamudzi ankamuvomera. Pa miyeso itatu adatenga waung'ono, nachotsapo mamilimita 10 kuti felemu ikhale ndi popumira. Atatero ndi pamene adaitanitsa mafelemu ndi magalasi.

Tsiku loika chitseko sadafulumire. Adayamba ndi njanji ya pansi, naisanja pa tizipulasitiki tolimba mpaka kathovu ka mu levulo kadaima pakati kuyambira kumanzere mpaka kumanja. Adaimika felemu, nayeza mopingasa mbali zonse ziwiri mpaka miyeso idafanana, ndipo pokhapo ndi pamene adamanga ndi masikuluwu osachita dzimbiri, mosamala kuti asakoke felemu. Adakoleka zigawo chimodzichimodzi zilibe magalasi. Poika galasi lililonse ankalowetsa tizipulasitiki pakati pa galasi ndi felemu, pangodya ziwiri zokha zoyang'anana mopingasa: ya pansi kumbali yosenza, ndi ya pamwamba kumbali inayo.

"Bwanji osaika ngodya zonse?" adafunsa Mtchona, amene tsopano ankafunsa chilichonse.

"Mukukumbukira thabwa lopingasa la pageti la khola, atsibweni? Galasi likachirikizidwa chonchi limagwira ntchito ya thabwa limenelo. Limakankha ngodya ya pamwamba kuti chigawo chisagwe mphuno."

Mpata wa pakati pa felemu ndi khoma adautseka ndi silikoni, amene amalola felemu kufutukuka ndi kubwerera, koma timabowo ta madzi adatisiya poyera. Atamaliza adatuma mwana kukatunga ndowa ya madzi, nawakhuthulira pamagalasi ali kunja. Onse adaona madzi akutsikira m'njanji n'kutulukira m'timabowo kupita kukhonde, m'nyumba muli gwa. Adatsegula ndi kutseka kambirimbiri, m'mawa, masana dzuwa lili paliwombo, ndi madzulo, akusintha timawilo pang'onopang'ono mpaka maloko onse adalowa mosakakamiza.

Asanapite adasonkhanitsa a m'nyumbamo. "Chitsekochi chili ndi malamulo ake. Muzisesa mchenga m'njanji ndi kabulashi. Musapakemo girisi, chifukwa amagwira mchenga n'kumadya timawilo. Mafelemu muzitsuka ndi madzi a sopo, osakwecha ndi mchenga ngati poto. Mwera ukayamba kuwomba mu Juni ndi Julayi, musasiye zigawo zili lendelende, muzitseke kapena muzimange. Ndipo tsiku limene chidzakane kuyenda, musalimbane nacho. Chikakana ndiye kuti pali chimene chikukuuzani. Yang'anani m'njanji, mukalephera mundiitane."

Mwera udabwera ndi mafunde ake, dzuwa la Okutobala lidabweranso, mvula idagwa n'kutha, chitseko chili chiyendere. Alendo akachiyamikira, Mtchona ankawatengera pafupi n'kuwaonetsa lintala, chiundo ndi timabowo ta madzi, kenaka n'kupinda malaya kuwaonetsa chipsera. Ankati, "Ichi ndidagula kwa amene ankandivomera zonse. Icho adandipangira amene adandikaniza." Ndipo pamudzipo munthu akafuna kumanga, ankayamba wafunsa kuti Nalevulo abwera liti.

Inu amene mwamva nthanoyi, sungani izi. Munthu wokuvomerani chilichonse amakhala akuyang'ana m'thumba mwanu, ndipo zikavuta simudzamupeza. Wokuuzani kuti "pano ayi, dikirani" amadziika pa mkwiyo wanu chifukwa akufuna kuti mawa mudzagone mwamtendere. Akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo mnansiyo akhoza kukhala mwana amene mudamulera nokha. Musapeputse mawu oona chifukwa atuluka pakamwa pa wamng'ono kapena pa mkazi. Mukafuna chinthu chokongola, funaninso ntchito yobisika imene imachisenza, ndi masiku amene ntchitoyo imafuna. Ndipo chinthu chikakuvutani m'nyumba, yambani mwayeza khoma lanu musanaloze chala m'bale wanu, chifukwa chitseko chimagulidwanso china, koma alongo amene mwawaimika kunja kwa mpanda si onse amene adzakutsatireni ndi phala kuchipatala.

Nthano yathera pamenepa.